Thupi nalo limalemba mayeso

Mayeso akayandikira, m'sukulu zambiri mumabuka mpikisano wodabwitsa. Ophunzira amayamba kunyadira kusagona. Wina amaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tithawe, wina amamwa khofi wowawa, winanso amachezera pa kandulo mpaka tambala woyamba. Kukacha amalowa m'kalasi maso ali psu, ndipo anzawo amawatama kuti awa ndiye olimbikira sukulu. Amene wagona bwino amaoneka ngati mlesi.

Achinyamata anzanga, ine sindigwirizana nawo mchitidwe umenewu. Maganizo anga ndi akuti kugona mokwanira, kudya, kupewa matenda ndi kusewera ndi mbali ya sukulu yeniyeniyo, monga momwe kulili kulemba manotsi. Ubongo umene umakalemba mayeso umakhala m'thupi, ndipo thupi likazunzika ubongo nawo umafooka.

Nkhaniyi si yamasewera. M'chaka cha 2023, mwa ophunzira 100 alionse amene adalemba mayeso a MSCE, pafupifupi 54 okha ndiwo adakhoza, malinga ndi zotsatira zimene bungwe la MANEB lidatulutsa. Zifukwa zolepherera ndi zambiri: aphunzitsi ochepa, mabuku osakwanira, makalasi odzaza, umphawi pakhomo. Zimenezi si mlandu wa wophunzira. Komabe pali gawo lina limene lili m'manja mwathu, ndipo gawo limenelo ndi mmene timakhalira tsiku ndi tsiku.

Tulo ndi nkhokwe ya zimene mwaphunzira

Mlimi akakolola chimanga n'kuchisiya pabwalo, mbuzi, chiswe ndi mvula zimachitha. Chimakhala chake ndithu akachilowetsa m'nkhokwe. Zimene mwaphunzira masana zili chimodzimodzi. Poyamba zimasungidwa mongoyembekezera m'kachigawo ka ubongo kotchedwa hippocampus. Mukagona, ubongo umazibwereza n'kuzikhazikitsa pamalo poti zikhalitse. Amene wawerenga usiku wonse osagona wakolola zambiri, koma wazisiya pabwalo.

M'chaka cha 2016, bungwe la akatswiri a za tulo ku America, la American Academy of Sleep Medicine, lidalangiza kuti wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10 pa tsiku. Tiyeni tiwerengere limodzi. Ngati mumadzuka 5 koloko m'mawa kuti musese, mutunge madzi ndi kuyamba ulendo wa kusukulu, ndiye kuti pofika 9 koloko usiku muyenera kukhala mutagona. Kodi ndi angati mwa ife amene timachita zimenezi?

Dziwaninso kuti munthu akatha msinkhu, thupi lake limayamba kuchedwa kutulutsa melatonin, michere imene imaitana tulo. N'chifukwa chake achinyamata ambiri tulo timawapeza mochedwa ngakhale atatopa. Tsono mukaonjezerapo foni, zinthu zimaipiratu. Kuwala kwake pankhope komanso macheza a pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok zimachititsa ubongo kukhalabe tcheru, ndipo "ndione kamodzi kokha" amasanduka maola awiri. Khofi ndi zakumwa zothamangitsa tulo nazo zili ndi caffeine, amene theka lake limakhala likadali m'thupi patatha maola pafupifupi 5. Mukamwa madzulo, mumagona naye.

Langizo langa ndi losavuta: khalani ndi nthawi imodzi yogonera ndi yodzukira, ngakhale Loweruka. Foni igone patali ndi mphasa kapena bedi lanu. Usiku woti mawa ndi mayeso, tsekani buku msanga.

Pang'onopang'ono, tsiku lililonse

Wina afunsa kuti, "Ndikamagona 9 koloko, ndiwerenga nthawi yanji?" Funso labwino. Yankho lake ndi lakuti amene amachezera usiku wonse mwezi wa mayeso nthawi zambiri amakhala akubweza ngongole ya miyezi imene sadatsegule buku.

M'chaka cha 1885, katswiri wina wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, adafalitsa zimene adapeza atafufuza mmene munthu amaiwalira. Adaona kuti zambiri zimene taphunzira timaziiwala msanga, makamaka m'maola ndi masiku oyambirira, koma tikamazibwereza modumphitsa masiku zimakhazikika. Choncho ola limodzi tsiku lililonse kwa masiku 6 limapindula kuposa maola 6 a usiku umodzi. Makolo athu adanena kale kuti tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Kawerengedwe nakonso n'kofunika. M'chaka cha 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, akatswiri a ku America, adayerekeza ophunzira amene ankangobwereza kuwerenga nkhani ndi ena amene ankatseka pepala n'kuyesa kukumbukira zimene awerenga. Patatha sabata imodzi, odziyesa okha aja ndiwo adakumbukira zambiri. Tsono mukamaliza mutu wa Biology kapena History, tsekani kope, tengani pepala, mulembe zonse zimene mukukumbukira, kenako muone pamene mwaphonya. Funsanani mafunso ndi mnzanu popita kunyumba. Yankhani mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo musanaone mayankho ake. Njira imeneyi imatopetsa kuposa kungoyendetsa maso pa manotsi, koma kutopa kwake n'kumene kumasonyeza kuti ubongo ukugwira ntchito.

Kwa amene kwanu kulibe magetsi, dzuwa ndiyo nyali yanu yaulere. Ola la pambuyo poweruka, mutakhala pansi pa mtengo kapena m'kalasi mopanda anthu, limaposa maola atatu osinzira pa koloboyi, utsi uli m'maso.

Mimba yopanda kanthu simva masamu

Ubongo ndi kachiwalo kakang'ono, koma umagwiritsa ntchito pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a mphamvu zonse za thupi. Wophunzira amene wachoka pakhomo osalawa kanthu, ikamakwana 10 koloko amangoona pakamwa pa aphunzitsi pakuyenda. N'chifukwa chake bungwe la Mary's Meals, limene lidayamba kuno ku Malawi m'chaka cha 2002 ndi ana 200 okha, lidasankha kupereka phala kusukulu: mwana wokhuta amabwera ndipo amamva. Koma phalali limafika makamaka ku pulayimale ndi ku sukulu za mkaka. Wa ku sekondale kawirikawiri amayenera kudziganizira yekha.

Chakudya cha m'mawa sichilira ndalama zambiri. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mbatata yophika, chinangwa, nthochi, mtedza wokazinga, ngakhale mkute wotenthetsa bwino, zonsezi zimakufikitsani masana. Mukapeza kandalama, mtedza kapena chipatso chimakusungani kuposa maswiti ndi zakumwa zotsekemera, zimene mphamvu yake imatha msanga.

A zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zamasamba, zipatso, zanyemba, zochokera ku nyama ndi zamafuta. Si tsiku lililonse limene tingakwanitse onse, koma tiyesetse kuti nsima isamayende ndi ndiwo imodzimodzi sabata yonse. Bonongwe, chisoso, nkhwani ndi kholowa si ndiwo za amphawi ayi. Anzathu amene mumachita lendi pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira nokha, gwirizanani awiri kapena atatu, muzisonkherana ndi kuphika mosinthana. Nthawi ndi makala zimapulumuka, ndipo ndiwo zimasinthasintha.

Atsikana, pali china chokhudza inu kwambiri. Msambo umachotsa magazi mwezi ndi mwezi, ndipo pamodzi ndi magaziwo mumataya mchere wa ayironi. Ayironi akachepa, magazi amachepa, ndipo zizindikiro zake ndi kutopa, chizungulire, kupuma mwawefuwefu ndi kulephera kuika maganizo pa phunziro. Mtsikana wotere ena amamunena kuti ndi waulesi pamene akudwala. Usipa, matemba, chiwindi, nyemba, nandolo ndi masamba obiriwira zimabwezeretsa ayironi. Zipatso monga malambe, magwafa ndi malalanje zimathandiza thupi kumutenga bwino, pamene tiyi womwera pa chakudya amachepetsa. Zizindikirozi zikapitirira, pitani kuchipatala akakuyezeni magazi.

Matenda amadya masiku a sukulu

Wophunzira akadwala malungo, sabata yathunthu ikhoza kupita ali gone. Pobwerera amapeza anzake adutsa mitu iwiri ya masamu, ndipo masamu sadikira munthu. Udzudzu umene umafalitsa malungo umaluma makamaka usiku, choncho kugona m'masikito usiku uliwonse, chaka chonse, ndi njira yotetezera maphunziro anu. Masikito si ukonde wophera usipa kapena mpanda wa dimba. Thupi likatentha, kayezetseni tsiku lomwelo m'malo mongogula mapiritsi pa golosale.

Kwa amene mumakhala m'mbali mwa nyanja, m'madambo ndi m'minda ya mpunga, chenjerani ndi likodzo. Limalowa pakhungu mukamasamba kapena kuchapa m'madzi momwe muli nkhono zosunga tizirombo take. Kukodza magazi si chizindikiro cha kukula monga ena amanenera. Ndi matenda, amafooketsa, ndipo mankhwala ake a praziquantel alipo. A zaumoyo akabwera nawo kusukulu, idyani kaye kenako mulandire.

Tisaiwalenso kolera. Mliri umene udayamba m'chaka cha 2022 n'kupitirira mu 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu January 2023 boma lidachedwetsa kutsegula sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre. Kusamba m'manja ndi sopo pochoka kuchimbudzi ndiponso musanadye, kumwa madzi owiritsa kapena othira mankhwala, ndi kudya chakudya chikadali chotentha, ndi zinthu zazing'ono zimene zimasunga moyo. Tengani botolo la madzi abwino popita kusukulu, makamaka m'miyezi yotentha ya October ndi November, pakuti ludzu limabweretsa mutu ndi ulesi m'kalasi.

Masewera si kutaya nthawi

Ena akafika Fomu 4 amasiyiratu mpira poganiza kuti akupulumutsa nthawi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, lidati ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 17 azichita zinthu zolimbitsa thupi kwa mphindi pafupifupi 60 pa tsiku. Mpira wamiyendo, ntchemberembaye, jingo, fulaye, magule ndi kupalasa njinga, zonsezi zimawerengedwa. Thupi likatuluka thukuta, nkhawa imachepa ndipo usiku tulo timabwera msanga.

Ngati mumayenda kale mtunda wautali kupita ndi kubwera kusukulu, kenako n'kukagwira khasu, inu mwakwanitsa kale. Chimene mukusowa ndi kupuma ndi chakudya. Uthengawu ukupita makamaka kwa amene amakhala pansi tsiku lonse, m'kalasi, m'minibasi, kenako pa foni kapena m'nyumba zoonetsera mafilimu.

Bodza la chamba ndi mowa

Pali bodza limene lakhazikika pakati pa anyamata lakuti chamba chimatsegula mutu ndipo wosuta amamva msanga. Zoona zake n'zakuti mankhwala a THC amene ali m'chamba amasokoneza kukumbukira zinthu zatsopano ndiponso kuika maganizo pa chinthu chimodzi, zomwe ndi zida zenizeni za wophunzira. Wosuta amadziona ngati wamvetsa, koma pepala la mayeso silinama. Ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 25, ndipo mbali yakutsogolo, imene imathandiza kuganiza bwino musanachite chinthu, ndiyo imamaliza. Kuyamba chamba ndi mowa msanga ndi kuthira mchenga m'nyumba imene ikumangidwa. Ena amati boma lidaloleza chamba. Lamulo la 2020 lidaloleza kulima mitundu ina, ndi chilolezo, kuti ipangire mankhwala ndi katundu wa m'mafakitale. Kusuta kudakali mlandu.

Mowa uli ndi vuto linanso. Munthu woledzera amaiwala zimene adalonjeza ali bwinobwino. Amene adati adziletsa amagonja, amene adati adzagwiritsa ntchito kondomu saikumbukira. Usiku umodzi ukhoza kubweretsa mimba, matenda opatsirana pogonana kapena kachirombo ka HIV. Chimodzimodzi achidyamakanda amene amabwera ndi foni, mayunitsi ndi ndalama ya tchipisi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kusankha bwino malo amene mumapezeka madzulo ndi anthu amene mumayenda nawo ndi chizolowezi cha tsiku ndi tsiku ngati kutsuka mano.

Anzathu amene akumwa ma ARV

M'makalasi mwathu ndi m'makalabu mwathu muli anzathu amene ali ndi kachirombo ka HIV, ambiri a iwo chibadwire. Kwa iwo pali chizolowezi chimodzi choposa zonse: kumwa mankhwala tsiku lililonse pa nthawi yake. Boma lidayamba kupereka ma ARV mwaulere m'chaka cha 2004. Kuyambira 2016, aliyense wopezeka ndi kachiromboka amayamba mankhwala osadikira kuti adwale, ndipo kuyambira 2019 ambiri amamwa piritsi limodzi lokha pa tsiku lokhala ndi dolutegravir. Amene akumwa mokhulupirika, tizirombo timachepa m'magazi mpaka osaonekanso poyeza. Amakhala wathanzi, amaphunzira, amakhoza mayeso ngati wina aliyense. Koma kudumphitsa kumapatsa tizirombo mpata wochulukanso ndi kupima mankhwalawo.

Njira yosaiwalira ndi kumangiriza mankhwala ku chinthu chimene mumachita kale tsiku lililonse, monga kusukusula kumaso m'mawa. Ngati mankhwala akukusowetsani tulo kapena kukuvutani mwanjira ina, musasiye nokha, kafotokozeni kuchipatala. M'zipatala zambiri muli Teen Club, kumene achinyamata amene ali pa mankhwalawa amakumana, kulandira mankhwala ndi kulimbikitsana.

Tinene chilungamo: chimene chimachititsa ambiri kudumphitsa mankhwala, makamaka m'sukulu zogonera komweko, ndi pakamwa pathu. Mnzathu amabisa botolo pansi pa sutikesi, amadikira kuti onse atuluke, ndipo belu likalira amapita m'kalasi osamwa. Amaopa kusekedwa. Membala wa kalabu amene amaimba nyimbo zothana ndi kusalana pa msonkhano, koma kuhositelo n'kumanong'ona za mankhwala a mnzake, akuononga maphunziro ndi moyo wa munthu. Mukaona mnzanu akumwa mankhwala, si nkhani yoti muifalitse.

Nanga kwa amene zinthu sizili bwino?

Ndikudziwa kuti wina akuwerenga izi akuti, "Zokamba n'zosavuta. Kwathu m'miyezi ya January ndi February timadya kamodzi. Ndimadzuka 4 koloko. Ndine wamkulu pakhomo, ndimalera abale anga." Mnzanga, ukunena zoona, ndipo palibe malangizo amene angasanduke thumba la chimanga. Koma taona kuti zambiri zimene tatchulazi sizilira ndalama: nthawi yogonera, kutseka buku n'kudziyesa, kugona m'masikito, kukana chamba. Wosauka ndiye sayenera kutaya ngakhale tsiku limodzi la sukulu, chifukwa alibe ndalama yobwerezera kalasi kapena yolipira maphunziro apadera.

Zotsalazo n'zimene kalabu iyenera kunyamula, pakuti mutu umodzi susenza denga. Taganizirani za ntchito zapakhomo. Mtsikana amaweruka limodzi ndi mchimwene wake, koma iye amakatunga madzi, kufuna nkhuni, kuphika ndi kutsuka mbale, pamene mnyamata ali ku mpira kapena pa buku. Pofika nthawi yowerenga, mtsikana amakhala atatheratu. Anyamata a m'kalabu, yambani ndinu. Kutunga madzi sikuchotsa umuna. Mlongo wanu nayenso adzalemba pepala lomwelo la MANEB, pa maola omwewo.

Kalabu ikhoza kupempha malo kwa aphunzitsi aakulu kapena kwa amfumu n'kulima dimba la masamba ndi mbatata. Ikhoza kukhazikitsa gulu lowerengera limodzi masana, kuti atsikana asamayende usiku. Ikhoza kugwirizana ndi gulu la amayi a pasukulu pa nkhani yosoka mapadi ochapa, kuti msambo usamajombetse mtsikana mwezi uliwonse. Ikhoza kuchita sewero pa msonkhano wa makolo losonyeza mmene ntchito zapakhomo zimalandira mwana nthawi yowerenga ndi yogona. Makolo ambiri sakana, kungoti palibe adawaunikira.

Musasenze nokha

Nkhawa nayo ndi matenda amene amalanda tulo ndi chilakolako cha chakudya. Imfa ya kholo, fizi, kuzunzidwa pakhomo kapena kuopa kulephera, zikhoza kumulemera munthu mpaka kutaya mtima. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Khalani ndi munthu mmodzi wamkulu amene mumamukhulupirira, kaya ndi azakhali, amalume, aphunzitsi kapena alangizi a kalabu, ndipo muzimuuza zimene zikukuvutani zisanakule. M'zipatala zambiri muli malo othandizira achinyamata mwachinsinsi. Ngati wina akukuchitirani nkhanza, imbani mwaulere pa nambala ya 116 yothandiza ana. Mnzanu akayamba kudzipatula kapena kulankhula zoti moyo watopa nawo, musaseke, khalani naye ndipo dziwitsani wamkulu tsiku lomwelo.

Tiyambire pati?

Musayese kusintha zonse tsiku limodzi, mungagwe ulesi. Pa msonkhano wotsatira wa kalabu yanu, aliyense asankhe chinthu chimodzi chokha chimene achite teremu ino. Wina anene kuti azigona 9 koloko. Wina azidya kanthu asananyamuke. Wina aziwerenga ola limodzi poweruka. Wina azithandiza mlongo wake kutunga madzi. Lembani m'kope la kalabu, ndipo aliyense akhale ndi mnzake womufunsa sabata iliyonse kuti zikuyenda bwanji. Amene waphonya tsiku asanyozedwe, angoyambiranso mawa lake.

Aphunzitsi ndi makolo, nanunso tithandizeni. Lekani kutama mwana chifukwa wachezera usiku wonse. Mutameni chifukwa watsegula buku tsiku lililonse kuyambira sabata yoyamba ya teremu. Ndipo inu achinyamata, tsiku la mayeso likadzafika, mudzalowe m'chipindamo mutagona, mutadya, muli athanzi. Zimene mudalowetsa m'nkhokwe chaka chonse mudzazipeza momwemo.